Zomwe ndaphunzira pa kakonzedwe ka mayeso a ku koleji muno mu Lusaka

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu amene mwangoyamba kumene ntchito m'makoleji a muno mu Lusaka, pali nkhani imodzi imene palibe amene amakukhazikani pansi n'kukufotokozerani. Amakupatsani silabasi, amakuonetsani kalasi, kenako semesita ili pakati mumangolandira uthenga wa mkulu wa dipatimenti wakuti mapepala a mayeso afike Lachisanu lisanathe. Ambirife timatsegula fayilo ya chaka chatha, kusintha manambala awiri atatu, n'kutumiza. Pepala lotero limaoneka laudongo, koma kawirikawiri limagwetsa mwana amene sanalakwe kanthu. Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza mayeso, kuchonga ndi kuunika mapepala a anzanga, ndaona kuti mikangano yambiri ya pa board of examiners, msonkhano wovomereza zotsatira za mayeso, inabadwa kalekale, tsiku limene funso linkalembedwa.

Musanalembe funso ngakhale limodzi, jambulani tebulo. Kumanzere ndandalikani mitu imene inafikadi m'kalasi, ndipo pambali pa mutu uliwonse lembani maola amene unatenga. Tiyerekeze kosi ya maola 39, atatu pa sabata kwa masabata 13, ndipo pepala ndi la malikisi 100. Mutu umene unadya maola 12 uyenera kutenga malikisi pafupifupi 30, wa maola 6 utenge 15, wa maola 3 usapitirire 8. Masamu ake ndi ophweka: maola a mutuwo kugawa ndi 39, kuchulukitsa ndi 100. Mukaika pepala lanu lakale pa sikelo imeneyi mudzaona kuti mutu umene mumaukonda, mwina womwe munachitapo kafukufuku wanu, ndi umene umameza theka la pepala. Zikatero amene anawerenga kosi yonse mokhulupirika amavutika, ndipo amene anangodziwa kumene mtima wa aphunzitsi wagona amakhoza. Mutu umene sunaphunzitsidwe, kaya chifukwa cha matenda anu, kaya koleji inatsekedwa monga zinachitikira mu Malichi 2020 ndi COVID-19, usalowe m'pepala ngakhale uli mu silabasi. Kauphunzitseni kaye kapena usiyeni.

Pamwamba pa tebulo ikani magawo atatu: kukumbukira, kugwiritsa ntchito zimene waphunzira, ndi kulingalira n'kupereka chigamulo. Maganizowa amachokera pa ntchito ya Benjamin Bloom ndi anzake ya mu 1956, imene Anderson ndi Krathwohl anaikonzanso mu 2001. Iwo ali ndi magawo 6, koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku atatu amandikwanira. Kwa a chaka choyamba ndimagawa 40, 40, 20. Kwa a chaka chomaliza ndimatembenuza: 20, 40, 40. Munthu amene watsala miyezi itatu kuti akagwire ntchito m'chipatala kapena m'fakitale sitingamupatse satifiketi chifukwa choloweza matanthauzo a mawu.

Kusiyana kwa magawowa kumaoneka bwino pa chitsanzo. Tengani kosi ya zaumoyo wa m'madera. Funso lakuti "tchulani njira zitatu zoyeretsera madzi akumwa" likungofuna chikumbumtima, ndipo ndi la malikisi atatu basi. Tsopano onani ili: banja la anthu 7 ku Kanyama likutunga madzi pachitsime chosazama, chimbudzi cha dzenje chili mamita 8 kuchokera pachitsimepo, ndipo ndi Januwale, mvula ili pakati. Mwayeza madzi a m'ndowa patapita mphindi 30 chithirireni klorini, mwapeza 0.1 mg pa lita. Nambala imeneyi ikutanthauza chiyani, nanga mayi wa pakhomopo mumuuza zotani? Wophunzira amene anamvetsa amadziwa kuti malangizo a WHO amafuna klorini wotsala wosachepera 0.5 mg pa lita pakatha mphindi 30, ndipo amayamba kufunsa chimene chadya kloriniyo. Woloweza amalemba njira zitatu zija, n'kuima.

Funso limeneli lilembedwe limodzi ndi marking key yake, ndondomeko ya mayankho ndi kagawidwe ka malikisi, tsiku lomwelo, osati mapepala a ana atabwera kale. Pa malikisi 10 ndingagawe motere: 2 kwa wonena kuti klorini wachepa ndi kutchula mlingo woyenera, 3 pa zifukwa, monga madzi amatope amene amatha klorini msanga, mlingo wochepa pothira, kapena mankhwala amene anakhalitsa n'kutha mphamvu, 3 pa zochita, monga kusiya matope akhale pansi kapena kusefa, kuthiranso mlingo woyenera, kuwiritsa, kusunga m'chidebe chotseka, ndipo 2 kwa amene waona kuti chimbudzicho chayandikira kwambiri chitsime. Pansi pake lembani kuti yankho lina lililonse lomveka lilandiridwe. Ngati marking key ikukukanikani kulemba, vuto si inu kutopa, koma funsolo silinapse. Mafunso ambiri oipa amagwidwa pamenepa.

Koma funso lokoma chonchi limasanduka msampha ngati m'kalasi munkangowerenga manotsi. John Biggs analemba za nkhaniyi mu 1996: zimene munalonjeza kuti wophunzira adzatha kuchita, zimene munachita naye m'kalasi, ndi zimene mukumuyesa ziyende mzere umodzi. Ngati mukufuna kuti adzayankhe za banja la ku Kanyama, ayambe wakumana ndi mabanja ena awiri kapena atatu otero pa ntchito za m'kalasi, atalakwitsa, mutamukonza.

Nkhani ya chilankhulo imandikhudza kwambiri. Mayeso athu ali m'Chingerezi, koma ana athu anakulira m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chinsenga, Chitumbuka. Wina wachokera kusukulu yolipira ya ku Kabulonga, wina kusekondale ya kumudzi ku Chadiza kapena ku Lundazi, ndipo onse akhala benchi limodzi. Ngati kosi yanu si ya Chingerezi, funso lisakhale mayeso a Chingerezi. Chiganizo chimodzi chinyamule ganizo limodzi. Pewani kukana kuwiri m'chiganizo chimodzi, ndipo ngati mawu akuti NOT sangapeweke, alembeni m'zilembo zazikulu. Mawu olamula ngati discuss, outline, evaluate ndi justify ife timawaona ngati odziwika, koma ana ambiri amawayankha chimodzimodzi: amakhuthula zonse zimene akudziwa pa mutuwo. Mphindi 20 za m'kalasi, mukuonetsa yankho la outline pambali pa yankho la evaluate pa mutu umodzimodzi, zimapulumutsa malikisi ambiri kuposa revision ya tsiku lonse. Pochonga, galamala isatenge malikisi oposa 10 pa 100, pokhapokha kulemba lipoti laudongo kuli m'zolinga za kosi.

Nthawi nayo iwerengedwe. Pepala la maola atatu ndi mphindi 180. Chotsani 15 zowerenga mafunso ndi kubwereza, zitsala 165, ndiye kuti malikisi 10 aliwonse ali ndi mphindi 16 zokha. Khalani pansi ndi cholembera, wotchi patsogolo, mulembe pepala lanu nokha. Lamulo langa ndi lakuti wophunzira amafuna nthawi yanga kuchulukitsa katatu. Ndikamaliza m'mphindi 55, pepala lili bwino. Ndikatenga ola ndi theka, ndiye kuti ndikuyesa liwiro la dzanja, ndipo funso lomaliza lidzabwera lopanda kanthu m'mapepala ambiri.

Za "yankhani atatu mwa asanu" ndinene mwachidule. Posankha atatu mwa asanu pali njira 10 zosiyana, choncho m'holo imodzi muli mapepala 10 osiyana amene mukuwapatsa giredi pa sikelo imodzi. Funso limodzi likangopepuka, mwayi ndiwo wagamula. Ikani gawo A lokakamiza limene likukhudza maziko a kosi yonse, ndipo ngati mukupereka chisankho, chikhale pakati pa mafunso awiri a mutu wofanana ndi kulemera kofanana.

Pepala likatha, lipite kwa mnzanu, koma musamupatse marking key poyamba. Mpempheni ayankhe mafunso awiri kapena atatu monga momwe wawamvera. Akayankha zosiyana ndi zimene mumafuna, dziwani kuti ana 30 adzasochera njira yomweyo. Kuunikirana mapepala kumeneku, kotchedwa moderation, kukakhala kongosaina fomu pakhonde sikuthandiza munthu, ndipo external examiner, wounika wochokera kunja kwa koleji, amabwera zinthu zitawonongeka kale.

Tsopano kuchonga. Tengani mapepala 10 mosasankha, muwachonge ndi pensulo, muone ngati marking key ikugwira. Nthawi zonse pamapezeka yankho labwino limene simunaliganizire. Konzani key pamenepo, kenako yambani mwatsopano, kuphatikiza 10 aja. Chongani funso limodzi m'mapepala onse musanapite ku funso lina. Mukamachonga pepala lonse la munthu mmodzi kuchokera koyamba mpaka kumapeto, yankho loyamba labwino limakufewetsani mtima pa ena onse, ndipo loyamba loipa limakuumitsani. Mukamaliza funso, sakanizani mulu kuti amene anali pamwamba asakhale pamwamba nthawi zonse. Pumulani pakatha mapepala 25 aliwonse. Dzanja la 10 koloko usiku silichonga ngati la m'mawa. Pa masamu, mwana akaphonya pa sitepe yoyamba koma njira yotsatira ili yolondola, mulangeni kamodzi, osati kasanu pa cholakwa chimodzi.

Pachikuto pakhale nambala ya wophunzira yokha, dzina ayi. Izi zimateteza onse awiri. Zimateteza mwana amene munakangana naye m'kalasi, komanso zimakutetezani inu pamene wachibale, wa kutchalitchi kapena wobwera ndi kamphatso akufuna kuti mumuganizire. Zimathandizanso kutseka khomo la khalidwe loipa lija la aphunzitsi ena ofuna atsikana posinthana ndi malikisi, limene tonse timalimva ndipo sitiyenera kulibisa. Pamene palibe amene angasinthe giredi ali yekha, nyambo imatha mphamvu.

Ngati ochonga muli awiri kapena atatu pa kalasi yaikulu, jambulani mapepala asanu pa fotokope, aliyense achonge payekha, kenako yerekezani. Kusiyana kukaposa malikisi 5 pa 100, khalaninso pansi mpaka mumvane tanthauzo la mzere uliwonse wa key. Ndaonapo pepala limodzi likupatsidwa 48 ndi wina, 63 ndi wina, onse anthu odziwa ntchito. Woyamba ankafuna mawu enieni a m'manotsi, wachiwiri ankalandira ganizo lolondola m'mawu a mwanayo. Pakati pa 48 ndi 63 pali kubwereza kosi, fizi ya chaka china, ndi kholo la ku Petauke limene lagulitsa ng'ombe. Njira ina yosavuta ndi yakuti aliyense atenge mafunso ake m'mapepala onse, m'malo mogawana milu.

Mafunso osankha yankho, a A mpaka D, ndi othandiza pa makalasi a anthu 200, koma ali ndi misampha yake. Wongoponya mwayi amapeza pafupifupi 25 pa 100. Yankho lolondola limakonda kukhala lalitali kuposa anzake chifukwa timalisamalira polemba, ndipo ana ochenjera anazindikira kale zimenezi. Mayankho onyenga abwino amachokera pa zolakwa zenizeni zimene munaona mu asainimenti, osati zopeka zoseketsa zimene aliyense angazitaye. "All of the above" isiyeni: wodziwa ziwiri mwa zitatu wapeza kale yankho.

Mayeso otere akatha, pali ntchito ya ola limodzi pa Excel imene ambiri sitichita. Sanjani ana kuyambira wapamwamba mpaka wapansi. Tengani 27 pa 100 apamwamba ndi 27 pa 100 apansi. Pa kalasi ya 120 ndi ana 32 mbali iliyonse. Pa funso lililonse werengani okhoza m'gulu lapamwamba, chotsani okhoza m'gulu lapansi, gawani ndi 32. Apamwamba 28 ndi apansi 12 zikupereka 0.5, funso labwino limene likusiyanitsa wodziwa ndi wosadziwa. Likatsika pansi pa 0.2, liyang'aneninso. Likatuluka ndi minus, kutanthauza kuti apansi akhoza kuposa apamwamba, thamangirani ku key yanu, chifukwa kawirikawiri munalemba C pamene yankho ndi B, kapena mayankho olondola alipo awiri. Onaninso kuti ndi angati m'kalasi yonse akhoza funsolo. Ambiri mwa mafunso anu akhale pakati pa 30 ndi 80 pa 100. Funso limene lagwetsa pafupifupi aliyense, ngakhale apamwamba, likunena za kaphunzitsidwe kapena kalembedwe kathu, ndipo chilungamo ndi kulichotsa pa chiwerengero cha onse, osati kwa okhawo amene abwera kudzadandaula.

CA (continuous assessment), malikisi a ntchito za m'kati mwa semesita, ndi kumene ana a mu Lusaka amapwetekera mwakachetechete. M'makoleji ambiri imatenga 40 kapena 50 pa 100, choncho si nkhani yaing'ono. Igaweni pa ntchito zitatu kapena zinayi zamitundu yosiyana, mwachitsanzo tesiti ya m'kalasi, ntchito yamanja kapena ya kumunda, ndi lipoti. Yoyamba ibwere sabata lachinayi lisanathe ndipo ikhale yopepuka malikisi, kuti mwana adziwe msanga pamene waima. Masiku agwirizanidwe mu dipatimenti semesita isanayambe. Aphunzitsi asanu akaika matesiti awo sabata limodzi, chimene chikuyesedwa ndi kupirira tulo.

Ganiziraninso kumene ana athu amagona. Ambiri ali m'ma boarding house a ku Kalingalinga, Ng'ombe, Mtendere ndi Kaunda Square, anayi kapena asanu ndi mmodzi m'chipinda, laputopu imodzi yobwerekana. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi ankasowa maola ambirimbiri pa tsiku, ndipo netiweki ya foni inkafooka nawo limodzi. Kwizi ya pa intaneti, pa Moodle, yotseguka kuyambira 20:00 mpaka 20:30 inali kuyesa amene ali ndi sola kwawo. Tsegulani kwizi kwa maola 48, wophunzira asankhe yekha nthawi yoyambira, kompyuta isakanize mafunso kuchokera m'nkhokwe yaikulu, ndipo kwizi zotere zisapitirire malikisi 10 a CA. Lolani asainimenti yolemba pamanja ngati kutayipa si chimene mukuyesa. Kusindikiza masamba 15 kwa ena ndi ndalama ya ndiwo za masiku awiri. Wophunzira wosaona bwino kapena wolumala dzanja mufunseni sabata loyamba chimene akufuna, kaya zilembo zazikulu, braille, womulembera kapena nthawi yowonjezera, osati kudikira m'mawa wa mayeso. Lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 lili kumbali yake.

Ntchito ya pagulu imabala madandaulo chaka chilichonse: awiri agwira, anayi angolembetsa maina. Gulu lisapitirire anthu asanu. Malikisi 70 pa 100 apite ku ntchito ya gulu, 30 kwa munthu payekha, kudzera m'mafunso a pakamwa a mphindi zitatu pa tsiku lopereka, ndipo inu musankhe woyankha. Njira yomweyi ndi imene ndimadalira pa asainimenti za kunyumba chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022. Mapulogalamu onena kuti amagwira zolembedwa ndi makina amalakwitsa, ndipo si bwino kugwetsa munthu pa umboni wawo wokha. Muitaneni, mutsegule tsamba lachitatu la ntchito yake, mumufunse chifukwa chake anasankha njira imeneyi osati inayo. Mphindi zisanu zimakwana. Ndipo funso lofuna manambala amene wakatenga yekha ku msika wa Soweto kapena pakiliniki imene anachitirako attachment ndi lovuta kulikopera kwina.

Pa malipoti ndi ntchito zamanja, perekani rubric, tebulo la mfundo zimene mudzachongere, pamodzi ndi funso. Ikhale ya mfundo zinayi kapena zisanu, iliyonse ndi kufotokoza kooneka ndi maso. "Zabwino kwambiri" sizithandiza. "Wagwiritsa ntchito magwero atatu ndipo waonetsa pamene akutsutsana" mwana angazimvetse n'kuzichita. Anzathu a m'makoleji a ntchito zamanja amene ali pansi pa bungwe la boma la TEVETA amazidziwa bwino izi, chifukwa pa waya kapena pa njerwa umayang'ana sitepe ndi sitepe ngati yachitika. Bwezani ntchito pasanathe masabata awiri, ndi ndemanga zitatu zokha zimene angazigwiritse pa ntchito yotsatira. Inki yofiira tsamba lonse palibe amene amaiwerenga.

Chotsala ndi malikisi osowa, amene amaliza ana ambiri kuposa funso lovuta lililonse. Wophunzira aliyense asaine pa kaundula popereka tesiti kapena asainimenti, ndipo muwerenge mapepala musanatuluke m'holo. Maina 118, mapepala 118. Lowetsani malikisi tsiku lomwe mwachonga, musunge pamalo awiri, kompyuta ndi pepala. Munthu wina awonkhetsenso malikisi a pachikuto, chifukwa zolakwa za kuwonkhetsa zimapezeka pafupifupi m'mulu uliwonse waukulu. CA yonse imatidwe pabolodi ndi manambala okha, sabata limodzi mayeso asanayambe, kuti wosowa wake abwere pamene pepala likadapezeka m'kabati. Mapepala amene agwera malikisi awiri pansi pa mzere wokhozera awerengedwenso onse ndi munthu wachiwiri, ndi key yomwe ija, zotsatira zisanapite ku board.